Kusamuka pa WhatsApp

Ambiri a ife timatumizirana mauthenga pa WhatsApp. Mwini wake ndi kampani ya Meta, yomwenso ndi mwini wa Facebook. Kampaniyi imapeza ndalama potsatsa malonda, ndiye imafuna kutidziŵa bwino. Mauthenga athu siingathe kuwaŵerenga, koma imadziŵa nambala yathu, mtundu wa foni yathu ndi nthaŵi imene timaigwiritsa ntchito.

Mu Januwale 2021, WhatsApp inauza anthu kuti avomereze malamulo atsopano. Anthu miyandamiyanda anakayikira, nasamukira ku Signal. Signal imayendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu, ndipo ilibe zotsatsa malonda. Koma mnzanu akapanda kuikamo Signal m'foni mwake, simungalemberane pamenepo.

Mafunso
1. Kodi Meta imapeza bwanji ndalama?
2. Kodi gulu lathu lino lingasamuke pamodzi? Tiyeni tikambirane.