NJUGA SIYENDA YOKHA

M'chaka cha 1574, mumzinda wa Naples ku Italy, msilikali wina dzina lake Camillus de Lellis anatchova njuga nadyedwa zonse, zida zake za nkhondo ndi malaya omwe. Ameneyu anali munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo kale anali atachotsedwa pa nchito m'chipatala china ku Roma chifukwa cha ndewu ndi njuga yomweyo. Mbiri yake iphunzitsa chinthu chimodzi: njuga ikalowa mwa munthu, kawirikawiri ipeza anzake m'menemo, kapena iwaitana.

Chiphunzitso cha Eklezia

Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992, pa nambala 2413, sanena kuti masewera onse a mwayi ndi uchimo. Asanduka oipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa a pabanja pake; ndipo chilakolako chake chikakula, chikhoza kumugwira ukapolo. Asing'anga abvomereza mau a ukapolowo. M'chaka cha 2013 bungwe la American Psychiatric Association linaika bvuto la njuga m'gulu limodzi ndi uchidakwa, pakuti zonse ziwiri zidzutsa mbali imodzimodzi ya ubongo, imene ichititsa munthu kulakalaka kubwereza chimene chinamkondweretsa.

Anzake atatu

Woyamba ndiye chibadwa cha phuma. Munthu wochita zinthu asanaganize, wosatha kudikira, wokonda zoutsa mtima, agwa msanga koposa anzake. Akadya kamodzi afuna kawiri. Akadyedwa athamangira kukabweza zotayikazo, naiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Wachiwiri ndiye mowa, pamodzi ndi chamba. Kachasu achotsa mantha, ndipo woledzera abetcha ndalama zimene sakadazikhudza ali bwino. M'mawa manyazi amgwira, nabwerera ku mowa kuti aiwale. Chotero ziwirizi zidyetsana.

Wachitatu ndiye matenda a maganizo, makamaka nkhawa ndi chisoni chosatha. Ena ayamba njuga pothawa chisonicho. Ena chiwagwera pambuyo pake, ngongole zitachuluka ndi mabodza ataululika. Apa ndipo pali choopsa chachikulu, popeza maganizo ofuna kudzipha apezeka kwambiri pakati pa akapolo a njuga kusiyana ndi anthu ena.

Udindo wa mphunzitsi

Tsono mphunzitsi wa mpingo akamva kuti Mkristu wagulitsa chimanga cha ana chifukwa cha makadi kapena kubetcha mpira pa foni, asathamangire kumdzudzula pa gulu. Amuone payekha, namfunse mofatsa: Kodi tulo mukupeza? Kodi mowa wachuluka? Kodi mtima wayamba kutopa nawo moyo? Akamva yankho loopsa, asamsiye yekha, koma apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Alangizenso banja kuti ndalama zisungidwe ndi wina wokhulupirika, ndi kuti achibale asamangobweza ngongole mwakachetechete, pakuti kutero ndiko kuthirira udzu woipa. Sakramenti la Kulapa lichotsa tchimo. Koma bala lifunanso mankhwala ndi nthawi, ndipo wogwanso kachiwiri asatayidwe.

Camillus uja anatembenuka mtima m'chaka cha 1575, akugwira ganyu kwa ansembe Achikapuchini. Pambuyo pake anakhala wansembe, nayambitsa chipani chotumikira odwala, namwalira mu 1614. Lero Eklezia amtchula woyera ndi nkhoswe ya odwala. Anthu amene anampatsa nchito ali wausiwa sanadziwe zimenezi. Anangoona munthu wofunika chithandizo.