Azakhali: Mwana wanga, sunalodzedwe ayi

Mwana wanga wa kwa Lukwa, kalata yako yandipeza. Tsamba lonse ukungoti "chinthu chija", "malo aja", ngati azakhali akone sindinalerepo ana aamuna. Tinene mosapsatira: sunadulidwe, ndipo khungu likangobwerera m'mbuyo, mutu wa chida chako umamva kwambiri moti ngakhale kabudula wam'kati akakhudza umadumpha. Kuchipinda nako gule amatha ng'oma isanalire, mpongozi wanga n'kutembenukira kukhoma.

Ndiye nzeru zako zinakutuma kutafuna gondolosi ndi kupaka mankhwala adzanzi ogula pamsika. Iwe mwana iwe! Gondolosi amati amadzutsa chilakolako, nanga iwe chilakolako unachisowa? Zopakazo zimatha kuwotcha khungu, komanso dzanzi lake limafika kwa mnzako wosalakwa.

Khazika mtima pansi. Phazi lozolowera jombo likaponda pamiyala mwini amatsimphina, koma silidwala ayi, langokhala lobisika. N'chimodzimodzi ndi pansonga pako: pakhala povindikirika kuyambira ubwana, ndipo pamazolowera pang'onopang'ono. Posamba, ndi madzi ofunda, bweza khungu modekha mpaka pomwe likulola, uthire madzi, utsuke zoyera zija zimasonkhana kunsi kwa mutu. Sopo wochapira zovala asafikepo, madzi okha akwanira. Upukute mosakhula, udikire pang'ono mphepo ipitepo, kenako ubweze khungu pamalo pake. Tsiku ndi tsiku chomwecho, osati lero ndi mkuja basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo izi zimatenga masabata.

Mvetsetsa apa: khungu ukalibweza m'mbuyo usalisiye komweko n'kukagona. Likakanirira kuseri kwa mutu, pansonga n'kuyamba kutupa, usadikire kuche kapena kufuna sing'anga. Kwera kabaza wa njinga yamoto upite kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa magazi amakhala akutsekeka.

Palinso ichi chimene anyamata a m'minda ya fodya simuchiganizira. Tsiku lonse ukuthyola ndi kusoka fodya, zala zili bii ndi utomoni, mwinanso m'mawa unagwira mankhwala opopera kapena feteleza. Ukatero n'kupita kuseri kwa chigafa kukataya madzi ndi manja omwewo. Ukudabwa chiyani pakamawotcha? Samba m'manja usanadzigwire, osati pambuyo pokha. Kabudula wam'kati akhale wa thonje, wouma, wosinthidwa tsiku lililonse.

Koma ngati pafiira, pakuyabwa, pali zilonda kapena mafinya, kapena khungu ndi lothina moti limang'ambika, imeneyo si nkhani ya madzi ofunda. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pita kuchipatala chaching'ono cha kwanuko kapena chachikulu cha paboma pa Kasungu, utenge ndi mkazi wako ngati pali zotuluka, akuyezeni nonse. Khungu lothina nthawi zambiri limamasuka ndi mankhwala opaka omwe adokotala amapereka. Kuyabwa kukamabwerezabwereza uwapemphe ayezenso shuga, poti matenda amenewo nthawi zina amayambira kuonekera pamenepo.

Za mdulidwe ndikudziwa ukuziopa. Ife Achewa si mwambo wathu ngati anzathu Ayao ndi jando lawo, koma wa kuchipatala suona mtundu. Kuyambira 2007 bungwe la WHO limaulimbikitsa chifukwa umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 iliyonse chiopsezo choti mwamuna atenge HIV kwa mkazi. Ndi chisankho chako, palibe akukukoka. Ungodziwa kuti masabata 6 ugona ngati mlendo m'nyumba mwako, ndipo masiku oyamba pansonga pamamva kuposa kale pasanazolowere. Suchiritsanso kufulumira kulikonse.

Kufulumirako mankhwala ake ena ali pamphasa pomwepo. Kondomu imachepetsako kumva. Ukaona kuti watsala pang'ono, ima, upume, mucheze, muyambirenso. Koma zimenezi sungazichite wekha uli duu. Mpongozi wanga akuganiza kuti mwina unatopa naye kapena uli ndi wina kumsika, pamene iwe ukungolimbana ndi manyazi. Ana akagona, muuze zomwe wandiuza ine, ndipo nthawi ino utchule zinthu ndi mayina ake.