Sukulu ya Malamulo

Mwana wanu atanena kuti akufuna kukaphunzira malamulo, mungamuyankhe chiyani? Ena amati, "Imeneyo ndi sukulu yoikira kumbuyo akuba." Ai, sizili choncho.

Maphunziro ameneŵa amachitika ku Yunivesite ya Malaŵi, ku Zomba. Kumeneko ana amaphunzira m'mene mlandu uyenera kuyendera: kumanga munthu, kumva mboni, ndi kupereka chilango choyenera. Akatsiriza, ena amakhala maloya, ena oweruza milandu.

Ife a ku Nkhata Bay nkhaniyi si yachilendo. A Orton Chirwa anali a boma lino. Anakaphunzira malamulo ku London, ndipo mu 1958 anakhala loya woyamba wakuda wa dziko lino. Koma mu 1983 iwo ndi akazi awo, a Vera, anaweruzidwa m'khoti la mafumu, m'mene loya sankaloledwa kuimira munthu. Taganizani, loya kusoŵa womuyankhulira! A Chirwa anafera m'ndende ku Zomba mu 1992.

Mu 1994 malamulo anasintha. Tiyerekeze kuti msodzi wa ku Chintheche wamangidwa, akuti waba chilimira. Apolisi ayenera kumuuza chimene wamangidwira. Ayeneranso kupita naye ku khoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti ndi lotseka, apite naye tsiku loyamba lotsegulira. Belo ya kupolisi salipira, ngakhale tambala imodzi.

Mafunso
1. Kodi munthu womangidwa apite ku khoti pasanathe maola angati?
2. Mbale wanu atauzidwa kuti alipire belo ya kupolisi, inu mungatani?