Zimene Tikuphunzira pa Nkhondo ya Uhud



M'phunziro lathu la Sira tikambirana za nkhondo ya Uhud. Ambiri a ife timakonda kumva za Badr, chifukwa kumeneko Asilamu pafupifupi 313 adagonjetsa Aquraish pafupifupi 1000. Koma Uhud, tsiku limene Asilamu adabwerera ku Madinah ndi mabala ndi misozi, Allah adalikamba motalika mu Qur'an yolemekezeka, m'ndime pafupifupi 60 za Surah Al Imran kuyambira ndime 121. Ngati Allah adatsitsa ndime zochuluka chonchi pa tsiku limodzi lowawa, ndiye kuti m'tsikulo muli maphunziro amene sitingawapeze pa tsiku la chipambano.

Zimene zidachitika

Nkhondoyi idamenyedwa m'mwezi wa Shawwal chaka chachitatu cha Hijra, chomwe ndi chaka cha 625. Aquraish adataya anthu 70 ku Badr chaka chimodzi m'mbuyomo, ndipo ambiri mwa iwo adali atsogoleri awo. Pofuna kubwezera, adanyamuka ku Makkah ndi asilikali 3000 motsogozedwa ndi Abu Sufyan, nafika pafupi ndi phiri la Uhud, makilomita pafupifupi 5 kumpoto kwa Madinah.

Mtumiki Muhammad (s.a.w) adatuluka ndi anthu pafupifupi 1000. Ali panjira, Abdullah ibn Ubayy, mkulu wa achiphamaso, adabwerera ndi anthu pafupifupi 300, ndipo adatsala 700 okha. Mtumiki (s.a.w) adafoletsa gulu lake phiri la Uhud lili kumbuyo kwawo, kenako adaika oponya mivi 50 pa kaphiri kotchedwa Aynayn motsogozedwa ndi Abdullah ibn Jubayr (r.a). Lamulo lidali lomveka: asachoke pamalopo, kaya aona Asilamu akupambana kaya akugonja, kufikira atawatumizira uthenga.

Poyamba Asilamu adapambana ndipo Aquraish adayamba kuthawa. Oponya mivi ambiri ataona anzawo akutola chuma chimene adani adasiya, adaganiza kuti nkhondo yatha ndipo adatsika. Mtsogoleri wawo adawakumbutsa lamulo lija, koma adatsala naye ochepa okha. Khalid ibn al-Walid, yemwe panthawiyo adali asadalowe Chisilamu, adaona mpatawo. Adazungulira kaphiriko ndi asilikali ake a pa akavalo, napha amene adatsalawo, nawadzera Asilamu kumbuyo. Tsikulo Asilamu 70 adafa ali mashahidi, kuphatikizapo Hamza ibn Abd al-Muttalib (r.a), bambo wake wamng'ono wa Mtumiki, ndi Mus'ab ibn Umayr (r.a), amene adanyamula mbendera. Mtumiki (s.a.w) mwiniwake adavulala kumaso ndipo dzino lake lidathyoka.

Kukambirana, kenako kutsimikiza

Nkhondo isadayambe, Mtumiki (s.a.w) adasonkhanitsa Maswahaba kuti amve maganizo awo. Iye adaona kuti n'kwabwino kuwadikira adani mkati mwa mzinda. Koma ambiri, makamaka achinyamata amene adaphonya Badr, adafuna kukakumana nawo kunja. Mtumiki (s.a.w) adatsata maganizo a ambiri, nalowa m'nyumba kukavala zovala zake zankhondo. Atatuluka, ena adadandaula kuti mwina amukakamiza, koma iye adawauza kuti mneneri akavala zankhondo sazivulanso kufikira Allah ataweruza pakati pa iye ndi adani ake.

Chodabwitsa n'chakuti nkhondo itatha moipa chonchi, ndime 159 ya Surah Al Imran idamulamulabe Mtumiki (s.a.w) kuti azikambirana nawo Maswahaba pa zinthu. Zotsatira zowawa sizidathetse shura. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Mukakhala mtsogoleri wa kalasi, wa timu ya mpira kapena wa bungwe la ophunzira, funsani anzanu musadagamule. Mukagwirizana, gwirani ntchitoyo ndi mtima umodzi, ndipo ikapanda kuyenda musayambe kulozana zala kuti ine ndidanena.

Kuyadzamira mwa Allah sikuletsa kukonzekera

Palibe munthu amene adayadzamira mwa Allah kuposa Mtumiki (s.a.w). Komabe tsiku la Uhud iye adavala malaya achitsulo awiri, lina pamwamba pa linzake, adasankha malo abwino oimapo, natseka njira yakumbuyo ndi oponya mivi. Tawakkul yeniyeni ndiyo kuchita zonse zimene ungathe, kenako n'kusiya zotsatira m'manja mwa Allah. Wophunzira amene amagona usiku wonse osatsegula kope, n'kumati Allah amuthandiza pa mayeso a MSCE, sadamvetse chiphunzitso chimenechi. Pemphani dua pambuyo pa Swala iliyonse, koma mabuku nawonso atsegulidwe.

Munthu aliyense ali ndi kaphiri kake

Oponya mivi aja sadali achiphamaso. Adali Maswahaba okhulupirira, ndipo tiyenera kuwatchula mwaulemu. Iwo adaganiza kuti cholinga cha lamulo chakwaniritsidwa kale. Koma ndime 152 ikutchula zinthu zimene zidasintha tsikulo: kufooka, kukangana pa lamulo, ndi kusamvera ataona chimene ankachikonda. Ndime 165 ikuyankha funso la Asilamu lakuti tsokali lachokera kuti, ndipo yankho lake likuloza kwa iwo eni, osati kwa adani.

Onani kuti anthu osakwana 50 adasiya malo awo, koma ululu udagwera gulu lonse la 700, ngakhale amene sadalakwe kanthu. Aliyense wa ife Allah adamuika pamalo pake: wina ndi mwana woyamba amene abale ake akumuyang'ana, wina ndi muadhini wa pasukulu, wina wasungitsidwa ndalama za kalasi. Chimene chimatitsitsa pakaphiri nthawi zambiri si mantha ayi, koma chinthu chokoma chimene chikuoneka ngati tichiphonya: ndalama yachangu, chibwenzi chobisa, likasa la mayeso, kapena foni imene yatidyera nthawi ya Fajr. Lamulo la Allah ndi Mtumiki wake likaoneka ngati likukuchedwetsani, kumbukirani kuti amene ali pakaphiri saona zonse zimene zikuzungulira kumbuyo kwake.

Mphekesera ndi chikhulupiriro

Nkhondo ili mkati, mawu adamveka akuti Muhammad waphedwa. Ena adataya mtima nakhala pansi, ena adathawa. Anas ibn an-Nadr (r.a) adawapeza ena atakhala chonchi ndipo adawalimbikitsa kuti adzuke, afere chimene Mtumiki adachifera. Iye adamenya nkhondo mpaka adaphedwa, ndipo thupi lake lidapezeka ndi mabala oposa 80, kotero kuti mlongo wake adamuzindikira ndi nsonga za zala zokha.

Ndime 144 idatsika kukumbutsa Asilamu kuti Muhammad (s.a.w) ndi mtumiki, kuti atumiki ena adapita kale iye asadabwere, ndipo imfa yake siyenera kubweza munthu m'mbuyo. Ndime yomweyi ndi imene Abu Bakr (r.a) adawerengera anthu tsiku limene Mtumiki adamwaliradi. Chikhulupiriro chathu chikhale mwa Allah amene safa, osati mwa shehe, mphunzitsi kapena mnzathu amene tingamutaye kapena angatikhumudwitse. Ndiponso taonani mphamvu ya nkhani yabodza: chiganizo chimodzi chidafooketsa anthu olimba mtima. Musadatumize uthenga uliwonse pa WhatsApp, fufuzani kaye ngati ndi woona.

Amene sadanyamule lupanga

Ku Uhud kudalinso amayi. Aisha (r.a) ndi Umm Sulaym (r.a) ankathamanga ndi matumba achikopa a madzi kumwetsa ovulala. Nusayba bint Ka'b (r.a) adapita kukamwetsa madzi, koma zinthu zitavuta adaima pafupi ndi Mtumiki (s.a.w) kumuteteza, navulala kwambiri. Fatima (r.a) ankatsuka bala la bambo ake, Ali (r.a) akuthira madzi, ndipo magazi atakana kuleka adatentha kachidutswa ka mphasa naika phulusa lake pabalapo.

Anyamata amsinkhu wanu nawonso adabwera. Abdullah ibn Umar (r.a) adali ndi zaka 14 ndipo Mtumiki (s.a.w) adamubweza kunyumba pamodzi ndi anzake ena. Iye adamvera, ndipo pambuyo pake adakhala mmodzi mwa Maswahaba amene adatifikitsira mahadith ochuluka zedi. Apa tizindikire bwino: nkhondo zimenezi zidamenyedwa poteteza mzinda umene udadzeredwa, pansi pa utsogoleri wa Mtumiki, ndi malamulo ake. Aliyense amene angagwiritse ntchito mbiri imeneyi pokopa wachinyamata kuti achite chiwawa kapena adane ndi anansi ake a zipembedzo zina, ameneyo akuipotoza Sira. Zimene mukufunsidwa inu lero ndi kulimbana ndi ulesi, umbuli ndi zilakolako za mtima wanu.

Khomo la chikhululuko

Amene adasiya malo awo ndi amene adathawa sadachotsedwe m'gulu la Asilamu. Ndime 152 ndi 155 zikunena poyera kuti Allah adawakhululukira, ndipo ndime 159 ikuyamikira kufewa kwa Mtumiki (s.a.w) pa iwo, n'kumulamula kuti awakhululukire ndi kuwapemphera chikhululuko. Ngakhale adani a tsikulo khomo silidawatsekekere. Khalid ibn al-Walid adalowa Chisilamu patapita zaka zochepa ndipo adapatsidwa dzina lakuti Lupanga la Allah. Abu Sufyan, mkazi wake Hind, Ikrimah ibn Abi Jahl, ngakhalenso Wahshi amene adapha Hamza, onse adadzafa ali Asilamu. Choncho musamuweruze mnzanu kuti uyu adatayika basi, ndipo inunso mukachimwa musadzione ngati simungabwerere kwa Mbuye wanu.

Kudzukanso m'mawa mwake

Tsiku lotsatira, mabala asadaume, Mtumiki (s.a.w) adaitana amene adali ku Uhud kuti atsatire adani. Adayenda mpaka ku Hamra al-Asad, ena akutsimphina, ndipo Aquraish amene ankaganiza zobwerera kudzathira nkhondo Madinah adasintha maganizo napitirira ku Makkah. Patatha zaka zisanu zokha, mu 630, Makkah idatsegulidwa. Kulephera mayeso, kubwereza kalasi, kusowa fizi kapena maliro pakhomo ndi mabala enieni, ndipo kulira sikoletsedwa. Koma Msilamu amafunsa kuti ndalakwitsa pati, amalapa, n'kudzukanso.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. N'chifukwa chiyani Allah adalamulanso shura pambuyo pa Uhud?
2. Kodi kaphiri kamene inu mwaikidwapo kunyumba ndi kusukulu ndi kati, ndipo n'chiyani chingakutsitsenipo?
3. Werengani Surah Al Imran ndime 139 mpaka 160 pamodzi ndi tanthauzo lake, ndipo mulembe zinthu zitatu zimene Allah adawatonthoza nazo okhulupirira.

Tikupempha Allah atipatse kumvera, kupirira ndi mitima yofewa, ndipo awasangalalire mashahidi a ku Uhud. Amin.