Chikwangwani Choimitsa Galimoto

M'mbali mwa msewu wa Great East, pakati pa Katete ndi Sinda, alimi amayala matimati, nshawa ndi mbatata. Mbewuzo n'zabwino, koma wogula ali m'galimoto yothamanga. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akalephera kuwerenga chikwangwani chanu akali patali, adzakuonani atapitirira kale, ndipo matimati adzatandalanso padzuwa. N'chifukwa chake mlimi naye ayenera kudziwa mfundo zimene akatswiri ojambula amatsata poyala zinthu kuti diso lizigwire msanga.

Mfundo yoposa zonse ndi kusiyanitsa mitundu. Makolo athu ankaidziwa. Ku Chongoni, m'boma la Dedza ku Malawi, malo amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, Achewa anajambula zithunzi zawo pamatanthwe ndi dothi loyera, ndipo zikuonekabe mpaka lero. Amayi okongoletsa makoma m'midzi yathu amachitanso chimodzimodzi: pakati pa katondo ndi dothi lina lofiirira amadulapo mzere woyera kapena wakuda. Koma ife timatenga katoni yofiirira n'kulembapo ndi penti yofiira, kenaka n'kumadandaula kuti malonda avuta. Lembani zakuda pa thabwa loyera kapena lachikasu, ndipo zilembo zikhale zonenepa.

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Pachikwangwani, liwu limodzi lokha ndilo likhale lalikulu, ndipo liwulo ndi dzina la chimene mukugulitsa. Mtengo utsatire pa kukula. Dzina la famu ndi nambala ya foni zikhale zazing'ono pansi, pakuti zimenezo amawerenga ndi munthu amene waima kale. Ambiri amakuza dzina lawo kuposa malonda. Kunyadira ntchito si kulakwa, koma wapaulendo sadya dzina.

Siyaninso mpata. Mukudziwa chimene chimachitika chimanga chikathithikana pa phando limodzi. Zilembo nazo zimafuna kupatulira. Malo osalembedwa m'mbali mwa thabwa sanawonongeke, ndiwo amene amachititsa mawu kuoneka.

Nanga zilembo zija zimayamba zikuluzikulu kumanzere n'kukathera zing'onozing'ono zopanikizana kumanja? Vuto lake ndi kusalinganiza mbali ziwiri, ndipo mankhwala ake ndi apafupi. Pezani pakati pa thabwa ndi chingwe, werengani zilembo, ndipo yambani kulemba ndi khala kuchokera pakatipo. Liwu lakuti MATIMATI lili ndi zilembo 8, choncho MATI mmodzi agwe kumanzere, wina kumanja. Penti ibwere mukakhutira ndi zimene khala lalemba.

Kubwereza sitichedwapo, chifukwa woluka lichero aliyense amakudziwa. Milu yofanana kukula, yoyalidwa pa mzere umodzi, imakopa diso kuposa yomwazikana. Anzathu a ku Vubwi, amene ali kutali ndi msewu waukulu, agwiritse ntchito mfundo zomwezi pa kapepala komata pa botolo la uchi kapena la chiponde.

Mwambo wa Kulamba umachitika ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, ndipo magalimoto amachuluka pamsewu. Isanafike nthawiyo, imikani chikwangwani chanu, muyende mapazi 50, mutembenuke, muchione kamodzi kokha n'kuyang'ana kumbali. Chimene simunathe kuwerenga chikuzeni, kapena chifufuteni.