KUFULULA CHAKUMWA CHA CHINANAZI: PHUNZIRO KWA OYAMBA

Ku England ndi ku France anthu amafinya maapozi nasunga madzi ake kufikira atasasa. Chakumwa chimenechi amachitcha saida. Kuno ku Milonde maapozi ngosowa, koma boma lathu la Mulanje lidadalitsidwa ndi zinanazi, ndipo makoko amene timataya kudzala angathe kutipatsa chakumwa chofanana nacho.

Pa makoko a chinanazi pamakhala tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti. Tikapeza shuga timadya, n'kumatulutsa mpweya ndi mowa. Zimenezi ndizo zimachitikanso thobwa likagonera masiku angapo.

Kapangidwe kake

1. Sankhani chinanazi chakupsa bwino, chosawola pena paliponse. Chitsukeni ndi madzi aukhondo, inunso musambe m'manja ndi sopo.
2. Wiritsani malita 2 a madzi, musungunuliremo kapu imodzi ya shuga, muwasiye azizire. Madzi otentha amapha yisiti.
3. Duladulani makoko ndi mtima wa chinanazi, muike mumtsuko wotsuka bwino, muthiremo madzi aja. Makokowo amire onse.
4. Vundikirani ndi nsalu yoyera, mumange ndi chingwe kuti ntchentche zisalowe. Ikani pamthunzi.
5. Pakapita masiku awiri kapena atatu mudzaona thovu. Sefani, mumwe tsiku lomwelo.

Mukachisiya masiku ambiri, mowa umanka nukula mphamvu, kenaka chimawawasa n'kusanduka viniga.

Zoyenera kupewa

Choyamba ndi madzi osawiritsa. Musaganize kuti kusasa kwa masiku awiri kungayeretse madzi a mumtsinje kapena a pachitsime chosatetezedwa. Kumbukirani kuti kolera imene idabuka mu 2022 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chachiwiri ndi chigubu chimene mudali mankhwala opopera mbewu. Ngakhale muchitsuke kangati, poizoni amatsalira m'kati mwake ndipo amalowa m'chakumwa.

Chachitatu ndi kutsekera chakumwa chimene chikali kuwira m'botolo la galasi. Mpweya ukasowa potulukira, botolo limaphulika, magalasi n'kuvulaza maso a mwana amene ali pafupi.

Chachinayi ndi chuku. Mukaona chuku chakuda kapena chobiriwira pamwamba, kapena fungo likakhala lonunkha, tayani zonse. Musawerengere shuga amene mwawononga, chifukwa moyo sugulidwa kusitolo.

Ndani asamwe?

Chakumwachi chimatsekemera, choncho ana amachikonda. Koma chikangochita thovu, dziwani kuti muli mowa. Musapatse ana, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Odwala matenda a shuga nawonso achipewe. Ana apatseni chinanazi chenichenicho, pakuti muli vitamini C wothandiza kuti zilonda zipole msanga.

Ngati mukumwa mankhwala a kuchipatala, yambani mwafunsa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo musanalawe. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.