Phunziro: Kuzindikira mbalame musanaiweruze, chitsanzo cha Seychelles warbler

Cholinga

Pakutha pa phunziroli, aliyense athe kusiyanitsa mbalame yodya tizilombo ndi yodya mbewu.

Mbiri ya kambalameka

Kwawo kwa Seychelles warbler ndi ku zilumba za Seychelles, m'nyanja yamchere ya India. Pa chilumba cha Cousin anthu adadula mitengo yachilengedwe n'kudzalapo kokonati, kambalameka n'kusowa chakudya ndi pomanga chisa. Pofika 1968 tidatsala tosakwana 30 pa dziko lonse. Chaka chomwecho bungwe lomwe lero limatchedwa BirdLife International lidagula chilumbacho n'kulola mitengo yachilengedwe kuphukanso. Titachulukana, tina adatisamutsira ku zilumba za Aride, Cousine, Denis ndi Frégate. Lero tilipo toposa 3,000.

Zizindikiro zake

1. Msinkhu: kutalika kwake ndi masentimita pafupifupi 14.
2. Mtundu: kumsana n'kobiriwira modera, kumimba n'kotuwira. Kakakazi ndi kakamuna timafanana.
3. Mlomo: wautali, woonda, wosongoka.
4. Kadyedwe: kamatola tizilombo kunsi kwa masamba.
5. Kaimbidwe: ngati munthu akuimba likhweru.
6. Kuswana: nthawi zambiri kamaikira dzira limodzi, ndipo ana akuluakulu amathandiza makolo kudyetsa kakhanda.

Pa Cousin palinso kambalame kena kodera, Seychelles fody. Mukaonera patali mutha kusokoneza, koma mlomo wake ndi wonenepa. Choncho mtundu wokha sukwanira.

Tikuphunzirapo chiyani?

Kambalameka kulibe kuno kwathu, koma kazindikiridwe n'komweko. Mlomo waufupi ndi wonenepa, ngati wa mpheta, nthawi zambiri ndi wosweka nawo mbewu. Mlomo woonda ndi wotolera tizilombo. Tikamatchera ulimbo kapena kugenda ndi legeni mbalame iliyonse yotera m'munda, timapha ndi zomwe zimatidyera mbozi kwaulere.

Ntchito ya m'magulu

Khalani anthu asanu pagulu. Lawirani ku munda wophunzirirapo dzuwa likungotuluka, mukhale chete kwa mphindi 20. Pa mbalame iliyonse lembani msinkhu, mtundu, mlomo, pomwe yatera ndi chomwe ikudya. Jambulani mlomowo papepala. Ovutika kulemba afotokozere mlembi wa gulu.

Mafunso okambirana

1. Ndi mbalame ziti zomwe mwaziona ndi maso anu zikudya mbewu?
2. Ndi ziti zomwe zimasowa mitengo ya m'malire mwa munda ikadulidwa?
3. Tingateteze bwanji mapira ndi mpunga osapha mbalame zotithandiza?

Gulu lililonse lidzafotokoze zomwe lapeza pa msonkhano wa sabata yamawa.